Mabawuti Awiri pa Njinga ya Chancy Mtonga

Ine, Perpetua Zgambo, wa zaka 32, wa m'mudzi mwa Kapyanga kufupi ndi Nkhamenya, koma ndikukhala pa boma ku Kasungu, mlangizi wa alimi ku kampani ina yogula fodya, ndabweranso ndekha m'mawa uno, Lolemba pa 16 Juni 2025, popanda wondiitana. Ndikufuna kukonza umboni umene ndinapereka pa tebulo lomweli Loweruka masana pa ngozi ya Chancy Mtonga. Umboni uja unali ndi bodza. Ndamva kuti bambo amene muli nawo m'chitokosi, a Yobe Kamanga, oyendetsa ngolo, mupita nawo ku khoti lero 10 koloko. Mwandichenjeza kuti zimene ndinene pano zingathe kunditembenukira. Ndamva, bwana. Lembani.

Ndiyambira ku kalabu, chifukwa popanda kuidziwa simungamvetse zimene ndinachita. Tili ndi kalabu yopalasa njinga, timaitcha Fumbi. Tilipo khumi ndi anayi, akazi tili awiri. Si mpikisano, si kabaza, timangopalasa kulimbitsa thupi ndi kuona malo. Loweruka lililonse timakumana 6 koloko m'mawa n'kuyenda makilomita 60 kapena 80 m'misewu ya fumbi ya kumidzi. Pakati pa sabata timacheza pa gulu lathu la pa foni, kutumizirana zithunzi za ulendo ndi kukangana za zipangizo. Wapampando ndi a Mandla Jere, amenenso ndi bwana wanga kuntchito. Ndi iwo amasaina malipoti anga. Nyumba imene ndikukhala ndi ya kampani. Njinga imene ndimakwera inali yawo, anandipatsa atagula ina chaka chatha.

Makanika wa kalabu ndine. Malemu bambo anga anali okonza njinga pa msika wa kwathu, ndipo ndinakula ndikumata machubu ndi kuwongola masipoko ndikaweruka kusukulu. Pa ulendo uliwonse ndimanyamula kachikwama pansi pa sadulo, muli zigamba, guluu ndi tisipanala topindika timene timati alenki.

Chancy Mtonga, wa zaka 26, mphunzitsi wa ku pulayimale, analowa kalabu mu Januwale. Anabwera ndi njinga yachitsulo ya kaunjika, yolemera, ya matayala ang'onoang'ono. Ndi munthu wokonda kulankhula. Pa gulu ankalemba kuti njinga zopepuka za anzake ndi zitini za nsomba, kuti matayala opanda chubu amene amathiramo mankhwala oyera aja ndi a anthu amene sanakumanepo ndi minga ya ku Chulu, ndiponso kuti kabudula wa siponji wa a Jere ndi thewera la akuluakulu. A Jere ankamubwezera pomutcha Kabaza. Tonse tinkaseka, iwonso ankaseka. Mu Epulo ndi mu Meyi Chancy anawapitirira a Jere pa chitunda kawiri, ndi chinjinga chake cholemeracho, n'kulemba pa gulu kuti chitsulo sichikalamba.

Tsopano za mapedulo. Alipo mapedulo ena amene amakola nsapato. Pansi pa nsapato pamakhala kachitsulo, ukaponda pa pedulo kamalowa n'kulira kuti kha, phazi n'kumatirira. Ukafuna kutsika umapotoza chidendene kunja, kachitsulo kaja n'kutuluka. Kumbuyo kwa pedulo iliyonse kuli kabawuti. Ukakamasula phazi limatuluka mosavuta. Ukakamanga limafuna mphamvu. Ukakamanga mpaka kumapeto, munthu wosazolowera sangatulutse phazi.

Lachinayi pa 12 Juni, cha m'ma 5 koloko madzulo, Chancy anabwera kunyumba kwanga ndi mapedulo otere ndi nsapato zake zimene anapeza pa kaunjika. Ndinamuikira. Mabawuti onse awiri ndinawamasula mpaka kumapeto. Ndinamuyedzamiritsa pa khoma la khonde n'kumuphunzitsa kulowetsa ndi kutulutsa phazi, mwendo uliwonse maulendo makumi awiri. Anagwira msanga. Pochoka anati, "Asisi, mwandipatsa miyendo yatsopano."

Pali mwambo wathu umene sindinakuuzeni Loweruka. Munthu akavala nsapato zimenezi koyamba pa ulendo wa kalabu, timamuchita chimene timati ubatizo. Dzina limeneli sindinalikonde kuyambira kale, koma ndinkalitchula monga anzanga onse. Zimakhala chonchi: tikayandikira pa mchenga wambiri, makanika amamanga kabawuti ka pedulo imodzi mwini wake asakuona. Tikalowa pa mchenga, wapampando amaimba wenzulo kuti tonse tiime mwadzidzidzi. Munthu uja amalephera kutulutsa phazi n'kugwa cham'mbali ngati thumba la feteleza. Wina amajambula. Timamuthira madzi a m'mabotolo pamutu, kenako ndimamasula kabawuti kaja. Ine anandichita choncho mu 2022. Chiyambire pamenepo ndamanga mabawuti a anthu anayi. Palibe amene anavulalapo.

Loweruka pa 14 Juni tinanyamuka 6:10, tili anthu asanu ndi anayi, kulowera ku Chulu. Kunali kozizira ndi mphepo ya kutsogolo. Pa msewu tinakumana ndi ngolo zambiri zonyamula mabelo a fodya kupita ku depoti, ndinawerenga zisanu ndi ziwiri tisanapume. Cha m'ma 8:40 tinaima pa kamsika kena, titayenda makilomita 34 malinga ndi kawotchi ka pa handulo yanga. Ndinamanga chitenje pamwamba pa buluku lopalasira monga ndimachitira tikafika pa anthu, ndipo tinalowa mu tiyirumu kumwa tiyi ndi zitumbuwa.

Nkhani zinali za masiku onse. Benjamin Nyirongo, amene amatijambula, ankatamanda chipewa chake chatsopano choteteza mutu, Chancy n'kunena kuti chikuoneka ngati chibenthu cha chipanda. Wina anadandaula kuti tcheni chake chikudya fumbi, tinakangana za oyilo wabwino. Kenako Chancy anafotokoza za mapedulo ake. Anati pa chitunda amamva ngati miyendo yonse iwiri ikutunga madzi pa chitsime chimodzi, ndipo anauza a Jere kuti agule thewera lachiwiri chifukwa kuyambira lero azitsala kutali. Atatero anatuluka kupita kuchimbudzi cha kuseri, nsapato zake zikulira kwakwakwa pa simenti.

Atangotuluka, a Jere anandiyang'ana. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino. Anati, "Makanika, ubatizo lero. Onse awiri, mpaka kumapeto. Walankhula mokwana mwana ameneyu."

Ndinawauza kuti mchenga wa pa dambo la Kavuwu, pamene timachitira zimenezi, uli makilomita asanu ndi limodzi kutsogolo, ndipo mwambo wathu ndi kumanga tikayandikira, pedulo imodzi yokha, kupotoza katatu. Anayankha kuti Chancy sadzasiyanso njinga yake pena paliponse. Ndinatchula za ngolo za fodya. Anandifunsa ngati ndalembedwa ntchito ya upolisi wa pamsewu. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka.

Ndinatuluka panja pamene tinayedzeka njinga. Benjamin anaima kumbuyo kwanga kunditchinga. Ndinagwada, ndinatulutsa alenki ya namba 3. Pedulo ya kumanja ndinapotoza kasanu ndi kamodzi, ya kumanzere kasanu ndi kawiri, mpaka alenki inakana kuzungulira. Nthawi inali 9:05. Onse asanu ndi atatu tinadziwa, kupatula Chancy.

Ponyamuka, Chancy anavutika kulowetsa mapazi. Anachita kuponda ndi thupi lonse, mwendo uliwonse kawiri. Anandifunsa chifukwa chake zalimba. Ndinamuuza kuti ndi fumbi. Ili ndi bodza langa loyamba pa nkhani iyi.

Tinayenda pa mzere umodzi. A Jere anali kutsogolo, kenako anthu atatu, kenako Chancy, ine kumbuyo kwake mamita ngati asanu, Benjamin kumbuyo kwanga atamangirira foni pa handulo, ndi ena awiri kumapeto. Tinayenda choncho makilomita anayi. Nthawi yonseyi ndinkaona zidendene za Chancy patsogolo panga. Alenki inali m'thumba la malaya anga. Kumuimitsa ndi kumasula mabawutiwo kukananditengera mphindi imodzi. Sindinamuimitse.

Cha m'ma 9:25 tinatsetsereka kulowera pa kamlatho ka simenti kopanda zitsulo m'mbali, m'lifupi mwake mamita ngati atatu. Kumanzere kwake kuli chigwembe cha miyala chakuya kupitirira msinkhu wanga. Kutsidya kunkabwera ngolo ya ng'ombe ziwiri, yakuda ndi yofiira, itanyamula mabelo anayi ofunditsidwa tenti. Bambo amene tsopano ndikuwadziwa kuti ndi a Yobe Kamanga ankayenda pansi kutsogolo kwa ng'ombe, atagwira chingwe. Sanali pamwamba pa ngolo monga ndinanenera Loweruka. Anationa tili pa mtunda wa mamita ngati makumi asanu. Anakokera ng'ombe m'mbali mwawo, anaziimitsa pa mapeto a kamlatho, n'kukweza dzanja kuti tidutse. Ngolo inaima. Magudumu sankazungulira. Izi ndinaziona ndi maso anga.

Mpata umene unatsala pakati pa ngolo ndi chigwembe unali ngati mita imodzi. A Jere anadutsa. Awiri otsatira anadutsa. Wachitatu atafika pa mpatapo anachita mantha ndi chigwembe, anagwira mabuleki n'kuponda pansi. Chancy analibe kolowera. Anagwira mabuleki bwinobwino ndipo njinga inaima pambali pa ng'ombe yofiira. Ndinaona akupotoza chidendene cha kumanja katatu, cha kumanzere kawiri, monga ndinamuphunzitsira. Njinga inaima yokha kanthawi. Anatembenuza mutu kundiyang'ana ndipo anati, "Asisi, sizikuchoka."

Anagwera kumanja, m'miyendo mwa ng'ombe. Chipewa chake chinamenya mwendo wakutsogolo wa ng'ombe yofiira. Ng'ombe inadzidzimuka n'kulumphira kutsogolo, inzake n'kutsatira. A Yobe sanasiye chingwe. Zinawakoka chogwada mamita ngati atatu mpaka anazigonjetsa. Pamenepo gudumu la kumanja la ngolo linali litakwera pa tayala lakumbuyo la njinga ndi pa mwendo wa kumanja wa Chancy, m'munsi mwa bondo, n'kuima pomwepo.

A Yobe anapatsa chingwe mmodzi wa ife. Analowetsa phewa pansi pa ngolo, Benjamin ndi wina anathandiza, ananyamula. Ine ndinakoka Chancy, koma ankabwera pamodzi ndi njinga chifukwa mapazi anali okoledwabe. Ndinachita kumasula zomangira za nsapato n'kusolola mapazi ake ndi masokosi okha. Nsapato zinatsala zikulendewera pa mapedulo. Fupa linaonekera. A Yobe anavula malaya awo, anawang'amba, anasolola ndodo ziwiri za m'mbali mwa ngolo n'kumanga mwendowo. Chancy ankabuula, kenako anakomoka.

A Jere anabwerera. Anayang'ana Chancy, anayang'ana nsapato zija. Anaimba foni kuitana galimoto la kampani. Atatha anandiyandikira n'kunena chapansipansi kuti, "Chotsa nsapatozo, ubweze mabawuti." Anthu anali atayamba kuthamangira kuchokera m'zigafa zapafupi. Ndinagwada pa njinga ngati ndikuona tayala lopindika. Ndinabweza mabawuti onse awiri, ndinachotsa nsapato n'kuziika m'chikwama changa cha kumsana. M'manja mwanga munali magazi ndipo alenki inkaterera.

Anthu atafunsa chimene chachitika, a Jere anawauza kuti ngolo inabwera mothamanga popanda woitsogolera ndipo inagunda mnzathu. Palibe wa ife anatsutsa. A Yobe anakana. Anafotokoza kuti anaima ndipo anatipatsa njira. Mawu anayamba kukwera, ena akuti oyendetsa ngolo masiku ano amamwa m'mawa. A Yobe analoza ine. Anati, "Mama awa anali pafupi, anaona." Ine ndinali kutseka zipi ya kachikwama ka zida. Sindinadzutse mutu. Ndinatseka zipi, ndinaitsegula, ndinaitsekanso.

Apolisi a m'mudzi anafika n'kuwagwira a Yobe, ali chifuwa pamtunda, mawondo akutuluka magazi. Ngolo ndi ng'ombe anazisiya m'manja mwa munthu wa pafupi. Galimoto linafika 10:20. Tinamugoneka Chancy kumbuyo, mutu wake uli pamiyendo panga. Tinafika ku chipatala 11:30.

Cha m'ma 12:15 a Jere anatisonkhanitsa tonse asanu ndi atatu pansi pa mtengo wa pa malo oimika magalimoto. Anauza Benjamin kuti aonetse zimene anajambula. Tinaonera mphindi ngati theka. Ngolo inkaoneka itaima ndipo mawu a Chancy ankamveka. A Jere anamuuza Benjamin kuti afufute, ndipo anafufuta ife tikuona. Kenako a Jere anati nkhani ikhale imodzi. Anati za ubatizo zikamveka kalabu yatha, achibale a Chancy adzatitengera tonse ku khoti, ndipo mayina athu adzamveka pa wailesi. Anati bambo wa ngolo uja angomudzudzula n'kumumasula dzuwa lisanalowe, poti nkhani za ngolo sizipita patali. Pomaliza anati makontirakiti a alangizi amawaunikanso mu Julayi. Ponena izi sankayang'ana ine, ankamanga chingwe cha nsapato. Mlangizi pamenepo ndinalipo ndekha.

3 koloko ndinakhala pa mpando uno. Ndinakuuzani kuti ndinali kutali kumbuyo, kuti fumbi linanditchinga, kuti ngolo inkayenda ndipo woyendetsa anali pamwamba pa mabelo. Munandiwerengera. Ndinasaina.

6 koloko madzulo ndinaona kuti makanema onse a ubatizo wa anthu akale afufutidwa pa gulu lathu. Mu foni yanga anatsala, chifukwa imasunga yokha zimene zatumizidwa. Alipo anayi. M'makanema awiri mukuoneka nkhope yanga ndi manja anga ndikumanga kabawuti, ndikuseka.

Lamulungu pa 15 Juni ndinapita ku Misa yoyamba ya 6:30. Ndimaimba kwaya. Nthawi yolandira Ukaristia anzanga onse anatuluka pa benchi, ine ndinatsala. Mayi amene timakhala limodzi pa benchipo anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati mwendo. Ndi bodza linanso, mulilembe. Misa itatha ndinapempha ansembe kuti ndilape. Zimene tinalankhulana sindinena muno. Ndingoti sanandikakamize kubwera, ndipo ndinatuluka m'tchalitchi ndisanaganize chochita.

12:30 ndinapita ku chipatala kukaona Chancy. Mwendo wathyoka pawiri. Madokotala akuti aikamo chitsulo ndipo sadula. Za kupalasanso sananene. Mayi ake anali pomwepo, anandisunthira mpando wawo iwo n'kukhala pansi. Chancy anali wofooka koma pakamwa pake sipanafooke. Anafunsa za njinga yake. Nditamuuza kuti tayala lapindika koma felemu ili bwino, anati mukuona, chikanakhala chitini cha a Jere bwenzi tikuika maliro. Ndinamufunsa ngati akukumbukira za ngolo. Anati akukumbukira ng'ombe yofiira basi, zina a Jere ndi amene anamufotokozera m'mawa.

Kenako anandigwira dzanja. Anati, "Asisi, mundikhululukire. Munandiphunzitsa bwino koma ndinabalalika. Ndakuchititsani manyazi."

Ndinatenga lalanje pa kabati n'kuyamba kusenda. Ndinalisenda lonse, ndinaligawa, ndinamupatsa. Sindinamuuze. Pochoka mayi ake anapempha kuti tipemphere. M'pempheromo anathokoza Mulungu chifukwa cha ine, ponditchula dzina, kuti ndinasolola mwana wawo pansi pa ngolo. Ndinayankha ameni.

3 koloko a Jere anandiimbira. Anafunsa ngati ndadya. Anati zonse zili m'malo mwake, ndisaiwale msonkhano wa ku ofesi Lolemba 8 koloko. Ndinati chabwino bwana.

Cha m'ma 4:30 kunyumba kwanga kunafika mayi wobereka mwana. Anati dzina lawo ndi Fainess, akazi a a Yobe. Anabwera ku boma kudzapereka chakudya kwa amuna awo, ndipo anafunsira m'misewu za mayi wopalasa njinga atavala buluku mpaka anthu anawalozera khomo langa. Ndinawapatsa mpando, anakana, anakhala pansi pa khonde. Analankhula Chitumbuka, chimene ndi chilankhulo cha mayi anga, ndipo ndinawayankha momwemo. Anafotokoza kuti iwo ndi matenanti pa esiteti ina, ali ndi ana atatu. Ngolo ndi ng'ombe ndi za mwini esiteti. Mwini esitetiyo wanena kuti nkhani ikangolowa m'khoti, iwo asamuke pamalopo sabata yomweyo, fodya wawo amene akadali m'chigafa atsale. Sanalire, sanakweze mawu. Anati amuna awo awauza kuti panali mayi mmodzi amene anaona zonse. Anandifunsa ngati mayiyo ndine.

Ndinawauza kuti ndinali kumbuyo.

Anakonza nsalu ya mwana. Ndinawapatsa madzi, anamwetsa mwana, iwo anamwa otsala. Anati, "Yewo, mama." Ananyamuka. Ndinawaperekeza mpaka pa geti. Sindinawafunse kumene akagone.

Lero ndinadzuka 5 koloko, ndinavala yunifomu ya kuntchito imene mukuionayi. Ndinatenga nsapato za Chancy ndi alenki. Ndinayenda pansi, njinga ndinaisiya. Ndinafika pa geti la ofesi yathu 7 koloko, mlonda anandipatsa moni n'kutsegula. Ndinamuuza kuti ndibweranso. Ndinafika pano 7:20. Foni imene ikunjenjemera pa tebuloli ndi a Jere. Aka ndi kachinayi chiyambire kulemba.

Mwandifunsa ngati a Jere anandikakamiza. Sanandigwire dzanja. Ananena, ine ndinagwada. Ndine ndekha pa gulu lonse amene ndimadziwa kulimba kwa kabawuti kaja kakafika kumapeto, chifukwa ndine ndimakagwira. Mwandifunsa ngati ndinafuna kuti Chancy avulale. Ndinafuna kuti agwe pa mchenga tiseke. Mwandifunsa ngati pali chimene a Yobe kapena akazi awo andipatsa kapena kundilonjeza. Palibe. Sindinawadziwepo Loweruka lisanafike. Mwandifunsanso amene angachitire umboni zimene ndanenazi. Mayina a onse amene tinali nawo ndalemba kuseri kwa pepala limene munandipatsa. Sindikudziwa ngati avomere. Benjamin ndinamuimbira m'mawa uno, sanayankhe.

Ndikusiya m'manja mwanu alenki ya namba 3, nsapato ziwiri za Chancy, ndi foni yanga imene ili ndi makanema anayi aja. Nambala yotsegulira ndakuuzani. Njinga ya Chancy ili kunyumba kwanga, kuseri kwa chitseko. Mukaiona mupeza mabawuti ali omasuka. Musanyengeke nazo, ndinawamasula ndine, pa kamlatho pomwepo. Mukapita msanga ku kamlathoko mwina mupezabe mizere iwiri pa dothi pamene mawondo a a Yobe anakhukhuluzika.

Chancy sakudziwabe. Mukandilola kutuluka muno lero, ndipita nthawi yoona odwala ndikamuuze ndekha, mayi ake alipo. Mukapanda kundilola, ndikupempha kuti amene apiteyo amuuze kuti sanabalalike.

Chomaliza ndi ichi. Pamene ndimalowa pa geti lanu, munali mutatulutsa anthu a m'chitokosi kuti alandire chakudya kwa abale awo. A Fainess anali pa waya ndi kambale kokutira. A Yobe anandiona ndisanabisale. Anandizindikira ngakhale ndinali mu yunifomu. Anasiya kambale pansi, anaima, anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere monga munthu wopatsa moni wamkulu. Ndinayembekeza kuti andifunsa za umboni wanga. Anati, "Mama, m'bale wanu uja wadzuka bwanji?"

Ndinawauza kuti mwendo sadula. Anati Ambuye alemekezeke. Wapolisi anawaitana, anatola kambale kawo n'kubwerera mkati.

Ndikupempha kuti umboni wanga wa Loweruka muuchotse, muike uno. Ndikupempha kuti dzina la a Yobe Kamanga mulichotse pa mndandanda wa opita ku khoti 10 koloko. Wotchi yanu ya pakhoma ikuti 9:10. Ngolo inali itaima. Bambo aja anatipatsa njira. Amene anamanga mapazi a Chancy Mtonga pa njinga ndi ine.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo ulendo uno sindinasiyeko china. Mwandiwerengera, ndamva, ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Perpetua Zgambo ............................
Wolemba umboni: Sajeni L. Chavula ............................
Lolemba, 16 Juni 2025, 9:14 m'mawa